Mutu 6: Mizere Yofiira

1. Tabuleti ya ku Kamwala

Mudzi wa Kamwala uli kumpoto kwa Usisya, pamene phiri limatsikira m'madzi osasiyako malo a msewu. Wofuna kufikako amakwera boti, apo ayi amalimbana ndi phirilo mpaka mawondo kunjenjemera. Netiweki imathera pamwamba pa phiri pomwepo. Ukatsikira kumudzi, foni yako yasanduka tochi basi.

Kumeneko ndi kumene kunkakhala Dainess, mtsikana amene anali atangomaliza Folomu 4. Bungwe lina laling'ono lothandiza anthu odwala khunyu, shuga ndi kuthamanga kwa magazi linamulemba ntchito. Linamupatsa tabuleti, kasola kotchajira ndi chikwama chosalowa madzi.

Ntchitoyo inkayenda chonchi. Ku ofesi ya bungwelo ku Mpamba kunali kompyuta yaikulu yosunga mbiri ya odwala onse a m'mbali mwa nyanja. Tabuleti iliyonse inkanyamula mbiri yomweyo kupita nayo kumudzi. Dainess ankalembamo zosintha ali kwawo popanda netiweki: uyu wadwala, uyu wasamuka, uyu wabwerera. Kamodzi pamwezi ankakwera boti kukatsanulira zonsezo mu kompyuta yaikulu ija.

Olongedza mankhwala sankadziwa nkhope ya wodwala aliyense. Iwo ankangoyang'ana kompyuta, n'kuika mankhwala a munthu m'bokosi la mudzi umene kompyutayo yanena.

Mwa odwala ake onse, Dainess ankakonda kwambiri Olive, mwana wa a NyaLongwe, wa Sitandade 7. Olive ankadwala khunyu. Asanayambe kumwa mankhwala ankagwa kawirikawiri, mpaka sukulu anaisiya. Koma chiyambireni mapilitsi aja anali asanagwenso. Anabwerera m'kalasi, ndipo pa netibolo anzake ankachita kumulimbirana.

Tsono anthu a kunyanja amatsata usipa. Ukasowa kwanu, mumanyamula ukonde, mapoto ndi ana, n'kukamanga zisakasa kumene wamveka. Chaka chimenecho unamveka ku Sanga, ndipo bambo ake a Olive anatenga banja lonse. Felix, mnyamata wa tabuleti ya ku Sanga, anawapeza kumeneko n'kulemba zoona: Olive ali ku Sanga, mankhwala ake azibwera kuno. Poti Sanga ili pafupi ndi msewu, Felix anakatsanula zimenezo mwamsanga.

Koma m'mawa wina Dainess anamva odi pakhomo. Anali a NyaLongwe, Olive ali pambuyo pawo.

"Ama! Mwabwerako liti? Ndimayesa muli ku Sanga."

"Tafika dzulo, mwanangu. Kumeneko si malo a mwana ngati uyu. Ukatembenukira uku ndi madzi, uku ndi moto wowambira nsomba. Ine tulo sindinkatiwona. Ndawauza bambo ake kuti tsalani ndi usipa wanuwo, ine ndikubwerera ndi ana. Ndiye lemba m'kagalasi kakoko kuti Olive ali kwawo. Mankhwala amene tili nawo angotifikitsa ku bokosi likubwerali."

Dainess analemba pomwepo, a NyaLongwe akuona.

"Asisi, mundijambulenso," anatero Olive akukonza kolala. "Chithunzi chakale chija ndikuoneka ngati ndaluma ndimu."

Onse anaseka. Dainess anamujambula akumwetulira mano onse pamtunda.

"Yewo ukongwa," anathokoza a NyaLongwe m'Chitonga. "Ife sukulu sitinapite nayo patali. Pa zinthu izi maso athu ndiwe."

Kuyambira tsiku limenelo mwana mmodzi anali ndi mbiri ziwiri. Ya mu kompyuta yaikulu inkati ali ku Sanga. Ya mu tabuleti ya Dainess inkati ali ku Kamwala, ndipo yoona inali imeneyi.

2. Tsitsi

Tsiku lokatsanula litafika, Dainess anakwera boti la a Lameck, bambo wa imvi amene anakalambira pamadzi. Atafika padoko la ku boma, a Lameck anamugwira pamkono asanatsike.

"Dainess, ndimvere. Dzuwa likangopendeka, ine ndidzutsa injini. Si nkhanza ayi. Ino ndi nyengo ya mphepo ya mwera, ndipo mwera suchita odi. Ndaona anzanga akudikira munthu mmodzi padoko, n'kukataya anthu onse panjira. Inu ana a masiku ano mukaona tauni mitu imazungulira. Pita ku ofesi poyamba, za kumsika pambuyo. Chimene wabwerera uyambe ndi chimenecho."

"Ndamva, Ada."

Ndamva! Mawu amenewa ndi opepuka bwanji pakamwa pa mwana.

Atangotsika minibasi ku Mpamba, wina anakuwa dzina lake. Anali Bridget, mnzake wa ku sekondale, amene tsopano ankaluka anthu tsitsi pakhonde la golosale.

"Eee, Dainess! Mutu umenewu bwanji? Kuseri kwa phiri kulibe zipeso? Si ndamva kuti mawa ndiwe wotsogolera kwaya pa msonkhano wa achinyamata kwanuko? Ukaime kutsogolo choncho, shuwa?"

Dainess anagwira mutu wake mwamanyazi. Zoonadi, mawa lake achinyamata a mpingo a midzi yonse yozungulira ankakumana ku Kamwala, ndipo nyimbo yoyamba ankaiyambitsa ndi iye.

"Ndiyambe ndapita ku ofesi, Bridget."

"Aaa, ofesi ikuthawa? Zamakompyuta si n'zongodina? Khala pansi apa. Ndili ndi sitayelo yatsopano, ndikuluka fasiti, sumva n'komwe."

Dainess anayang'ana dzuwa. Linali lidakali m'munsi. Anakhala pampando.

Inu amene munalukitsapo tsitsi mukudziwa kuti fasiti wa woluka ndi wotani. Bridget ankaluka pang'ono, n'kusiya kuti alongosole za mnzawo amene anakwatiwa ku Mzuzu. Ankalukanso pang'ono, n'kuthamangira kukalonjera kasitomala wina. Dzuwa linakwera, linafika pamutu, mithunzi n'kulowa pansi pa mapazi. Dainess ankangosuntha pampando, koma munthu angadzuke bwanji mutu uli theka?

Tsitsi, anthu inu. Nkhani yonseyi inayamba ndi tsitsi.

Pamene Bridget ankamanga chingwe chomaliza, mthunzi wa golosale unali utayamba kutembenuka. Dainess sanadziyang'ane n'komwe pagalasi. Ananyamula chikwama, liwiro la ku ofesi.

3. Chenjezo la Bambo Alick

Woyang'anira kompyuta yaikulu anali Bambo Alick, munthu wa ku Dedza, wolankhula mosathamanga. Anayang'ana thukuta la Dainess, n'kuyang'ananso mutu wonyezimira uja, koma za tsitsi sanatchule.

Analumikiza tabuleti ija. Zambiri zinalowa zokha bwinobwino. Kenaka pagalasi panatuluka mizere yofiira, yambirimbiri, yotsika mpaka pansi.

"Mayo ine!" anatero Dainess. "Yonseyi?"

"Ndi nyengo ya usipa, anthu akuyendayenda," anayankha Bambo Alick. Anakoka mpando n'kukhala. "Mwanawe, ndimakuuza mwezi uliwonse, ndipo lero ndibwerezanso ngakhale utope nane. Kompyutayi ndi yanzeru, koma ku Kamwala sinafikeko. Ikaona kuti iwe walemba china pa munthu, mnzako walembanso china pa munthu yemweyo, siidziwa kuti wanena zoona ndani. Ndiye imafiiritsa mzere n'kufunsa iwe, amene unamuona munthuyo ndi maso. Mzere wofiira uliwonse ndi munthu, ali ndi mayi ake, ali ndi kwawo. Tsegula umodziumodzi. Uwerenge zimene walemba iwe, uwerenge zimene walemba mnzako, usankhe zoona."

Dainess anagwedeza mutu, maso ali pazenera.

"Yang'ana kuno, osati kunja," anapitiriza Bambo Alick, akuloza batani lina m'munsi mwa galasi. "Batani ili limauza kompyuta kuti pa mizere yonseyi zoona ndi zake, za mu tabuleti zitayidwe. Tinaliikira tabuleti yoonongeka, imene yalemba zopanda mutu. Ukalidina, zimene unalemba kumudzi zimafufutika, ngakhale mu tabuleti yako yomwe. Sizibwereranso. Wina analidinapo kuno chifukwa cha ulesi, ndipo tinasiyana naye tsiku lomwelo. Kuthamanga sikufika, Dainess. Ngati wachedwa, boti lipite. Ukagona kwathu, amayi akuyalira mphasa, udzapita ndi boti lina. Kuchedwa kwako kuli ndi mankhwala, koma kulakwitsa apa ayi."

Asanamalize bwino, galimoto inaimba hutala panja. Inali itabweretsa makatoni a mankhwala, ndipo Bambo Alick anatuluka kukawalandira.

Dainess anatsegula mzere woyamba. Anawerenga mbali zonse, nasankha. Anatsegula wachiwiri. Kompyuta inayamba kuzungulitsa kampira kake pang'onopang'ono, ngati nkhalamba yotafuna chinangwa chouma. Anasankhanso. Wachitatu unatenga nthawi yaitali kuposa pamenepo.

Mthunzi wa mtengo wa panja unali utafika pakhomo la ofesi. Akagona kuno, nyimbo ya mawa ayambitsa wina, ndipo tsitsi lija aliona ndani?

Mizere itatu imene anatsegula ija, yonse zoona zinali za kompyuta. "Kaya ndi yotsalayi ndi chimodzimodzi," ananong'ona yekha.

Akanangotsitsa galasilo ndi chala pang'ono, akanaona kachithunzi ka mtsikana womwetulira mano onse pamtunda. Sanatsitse. Anayang'ana kukhomo, n'kudina batani lija. Kompyuta inamufunsa ngati watsimikiza. Anadinanso.

Kufiira konse kunazimiririka nthawi yomweyo.

"Wamaliza kale?" anadabwa Bambo Alick akulowa ndi katoni.

"Eya, Bambo. Inali yosavuta."

Boti analipeza injini ikulira kale. Mawa lake anayambitsa nyimbo bwino kwambiri, ndipo atsikana onse anafunsa amene anamuluka.

4. Bokosi

Pa ulendo wotsatira, boti la a Lameck linabweretsa bokosi la mankhwala a ku Kamwala. Dainess analitsegulira pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi tchalitchi, monga mwa masiku onse. Ankaitana dzina, mwini wake n'kulandira kapaketi kake.

Anthu anatha. Bokosi linatsala lopanda kanthu. A NyaLongwe anali adakali chikhalire pamuzu wa mtengo, akudikira.

"Nanga Olive?"

Dainess anagwedeza bokosi, analitembenuza chadodolido. Munagwa kapepala kokha. Anatsegula tabuleti n'kufufuza dzina la Olive. Chithunzi chinali chakale chija, cha ndimu. Pansi pake panalembedwa kuti Sanga. Mawu amene analemba a NyaLongwe akuona aja munalibe.

Anadziwa pomwepo chimene chinachitika, ndipo anadziwa chala chimene chinachita.

"Palembedwa chiyani pamenepo, mwanangu? Ukuoneka ngati waona njoka."

Apa ndiye panali pokonzera zinthu. A Lameck ankabwerera ku boma mawa lake m'mawa. Dainess akananena zoona, uthenga ukanapita ndi boti lomwelo, Felix akanatumiza kapaketi ka Olive kuchokera ku Sanga, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma uthenga ukafika ku ofesi, Bambo Alick akanafunsa kuti mzere wa Olive unadutsa bwanji. Ndipo anali atanena kale zimene zinamuchitikira wina uja.

"Ku ofesi alakwitsa, Ama. Atumiza ku Sanga."

"Ku Sanga? Si unalemba ine ndikuona?"

"Ndinalemba. Ndi iwowo."

A NyaLongwe anapukusa mutu. "Ndiye ndiwapemphe a Lameck, akapeze wina wopita ku Sanga akauze bambo ake."

"Musavutike, Ama. Ndatumiza kale uthenga pa tabuletiyi. Abwera ndi boti lotsatira."

Bodza lake linali lopanda ndi miyendo yomwe, pakuti ku Kamwala tabuleti singatumize kanthu. Koma a NyaLongwe akanadziwa bwanji? Anamasula mfundo ya pa chitenje chawo, n'kuyang'ana mapilitsi ochepa amene anatsala.

"Chabwino. Ndizimupatsa theka, theka, kuti afikeko. Mulungu akudalitse, mwanangu. Ukanapanda iwe tikanalowera kuti?"

Dainess anaganiza kuti tsiku lokatsanula likafika akakwera yekha boti, akakonza mwakachetechete, ndipo palibe adzadziwe.

Mawa lake boti linapita lopanda uthenga. Linabwerako madzulo a tsiku linalo, mafunde atayamba kale kuchita thovu. A Lameck anaitana anyamata kuti alikokere kumtunda.

"Wafika mwini nyanja," anatero. "Aliyense akhale pansi."

5. Mwera

Mwera wa chaka chimenecho anthu a ku Kamwala amaukumbukabe. Unkawomba usana wonse, kugona n'kudzuka uli pomwepo. Mabwato onse anali pamchenga chafufumimba. Kuzizira kunali kolowa m'mafupa.

Tsiku lililonse a NyaLongwe ankadzera pakhomo pa Dainess popita kumadzi kukavuula chinangwa.

"Palibe chimene ayankha?"

"Akudikira mphepoyi, Ama."

Theka linasanduka kachidutswa. Kachidutswa kanatha. A NyaLongwe anakwera phiri mpaka ku chipatala cha kuseri, koma mtundu wa mankhwala a Olive kunalibe. Anabwerako miyendo itatupa.

Olive anasiya netibolo. Ankakhala pakhonde atafunda chitenje, maso ali pamalo amodzi. Mayi ake anamuletsa kuyandikira madzi ndi moto, ndipo ankabwereza lamulolo m'mawa uliwonse.

Dainess anayamba kuzungulira njira kuti asadutse pakhomo pawo. Chakudya chinkamukanika. Tsitsi lija analimasula yekha, akukoka mwaukali mpaka misozi.

M'mawa wina anapirira osapiririka. Anatenga foni yake n'kuyamba kukwera phiri. Mphepo inkamukankha, minga inkamukola siketi, koma anafika pamwala pamene anthu amaimbira foni. Anaimbira Bambo Alick.

"Bambo, Olive wa ku Kamwala alibe mankhwala. Anapita ku Sanga. Atha kale amene anali nawo."

"Atha liti? Mwana wa khunyu sasiya mankhwala mwadzidzidzi, Dainess, ukudziwa zimenezo! Bwanji osanena tsiku limene bokosi linafika? Ndimutuma Felix lero lomwe, koma ndi mphepo imeneyi afika bwanji kwanuko?" Kenaka mawu awo anatsika. "Kodi mwanayo anabwerera liti ku Kamwala? Dainess, mizere yofiira ija unaitsegula umodziumodzi?"

Dainess anayang'ana foni ija. Anaidula.

Anakhala pamwalapo akulira. Kenaka mphepo inamubweretsera phokoso lochokera m'munsi. Sanali mafunde. Anali mawu a amayi, ndipo anthu ankaoneka ngati nyerere akuthamangira nyumba imodzi.

Nyumbayo ankaidziwa.

6. Padoko

Anatsika phiri akugwa n'kudzuka. Pofika, nkhani inali itamveka kale mudzi wonse.

A NyaLongwe anali atapita kukavuula chinangwa. Ang'ono ake a Olive ankalira ndi kuzizira, ndiye iye anakoleza moto kuti awaphikire tiyi. Matenda aja anamugwira ali chiweramire. Anagwera pamoto cham'mbali, madzi owira n'kumukhuthukira.

Ana anakuwa. Anthu anabwera, koma anangozungulira, kuopa thovu la kukamwa kwake. Anachita kukokedwa ndi a Lameck, amene anathamanga kuchokera kudoko.

Dainess anawapeza akukalipa.

"Akuluakulu athunthu kuimirira, mwana akupsa! Mwauzidwa kangati kuti khunyu sapatsirana? Thovu limeneli ndi malovu chabe, ngati anu omwewo. Ine ndamugwira, ndigwe pano tione! Mawa adzakhala mwana wanu, ndipo mudzafuna anzanu adzaimirirenso chomwechi? Manyazi akugwireni. Tengani chitseko icho, timunyamule. Anyamata, kankhirani boti m'madzi."

"Ada, ndi mphepo imeneyi?" anafunsa mnyamata wina.

"Yachepako pang'ono. Ndiyenda m'mbalimbali. Tikamusunga pano safika mawa."

Anamugoneka Olive pachitseko, atamufunditsa nsalu yoyera. Dzanja lamanja, limene ankaponyera mpira lija, silinkayang'anika. Tsaya limodzi linali litatupa mpaka diso kutsekeka. Dainess anayenda pambali pa chitsekocho.

Padoko Olive anatsegula diso linalo. Anaona chikwama cha tabuleti paphewa pa Dainess.

"Asisi," ananong'ona, "musandijambule."

Dainess anagwada pamchenga n'kulira mokweza. Anafuna kunena pepani, koma pepani sapoletsa chilonda. Amayi ena anayamba kunong'onezana kuti taonani chikondi cha mtsikanayu.

A NyaLongwe okha sankalira. Misozi inali itawathera panjira yochokera kumadzi. Anamudzutsa Dainess ndi manja awo onunkha chinangwa chovuula, n'kumupukuta kumaso ndi chitenje.

"Usalire, mwanangu. Iwe mbali yako unachita. Unalemba ine ndikuona. Uthenga unatumiza. Ndiye kuti ku ofesi kuja kuli munthu amene anaona dzina la mwana wanga, n'kulitaya ngati minga ya nsomba. Ine sindikufuna kumumenya. Sindikufuna kumutukwana. Ndikufuna adzaime pambali pa bedi, aone nkhope iyi, andiuze kuti ankathamangira kuti. Koma ine Chizungu sindidziwa, za makina sindidziwa. Akandizunguza ndi mawu. Maso anga ndiwe. Kwera, ukandionetse munthuyo."

"Ama, ine..."

"Kwera, Dainess. Ndilibe wina."

A Lameck anali atadzutsa kale injini. Dainess analowa m'madzi mpaka m'mawondo, n'kukwera. Anakhala pathabwa limodzi ndi a NyaLongwe, mutu wa Olive uli pamiyendo ya mayi ake. Dzanja la a NyaLongwe linagwira lake, osalisiya.

Boti linkakwera funde n'kugwa, kukwera n'kugwa. Olive ankabuula nthawi iliyonse likagwa. Kamwala inabisika kuseri kwa miyala, ndipo patapita nthawi anazungulira phiri lija n'kutulukira poyera, pamene netiweki imayambira.

M'chikwama cha Dainess foni inayamba kulira. Anaisiya. Inaleka, n'kuyambanso. Anaitulutsa, ndipo pagalasi panali dzina la Bambo Alick.

"Ndani?" anafunsa a NyaLongwe.

"A ku ofesi."

A NyaLongwe anawongoka, n'kumufinya dzanja.

"Yankha, mwanangu. Ukweze mawu, nanenso ndimve."